ALENDO OKWERA MAPIRI, NDI ANTHU OWALONDOLERA NJIRA

Inu amene mukhala m'mbali mwa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kunka ku Blantyre, inu a ku Lizulu, a ku Mlangeni, a ku Biriwiri ndi a pa boma la Ntcheu: kawirikawiri muona magalimoto alikupita ndi alendo a maiko akutali. Padenga pa galimoto amangapo zikwama zazikulu. Eni ake avala nsapato zolimba za zingwe zazitali, ndipo ena agwira ndodo ziwiriziwiri ngati nkhalamba, chikhalirecho ali anyamata ndi atsikana a mphamvu zawo. Aima pamsika, nagula tomato, kabichi ndi mbatata ya kachewere, napitirira ulendo wawo. Mukawafunsa kumene alinkunka, ayankha kuti: "Tikukakwera phiri."

Mawu amenewa adabwitsa munthu wa kumudzi. Ife tikwera phiri pofuna nkhuni, bowa, masuku, nsungwi, udzu wofolera nyumba, kapena mbuzi yosochera. Koma kuti munthu ataye ndalama zambiri, nawoloke nyanja zamchere pa ndege, kuti akangotopa pathanthwe ndi kutsikanso chimanjamanja, nzeru yake ili pati? Tsono m'nkhani ino tilongosola za maulendo amenewa: kumene anayambira, mayendedwe ake, ndi zoopsa zake. Ndipo muona kuti mlendo, angakhale ali wophunzira kapena wachuma chotani, paphiri asanduka mwana. Moyo wake uli m'manja mwa mwini dziko amene amlondolera njira.

KODI AFUNANJI KUMAPIRI?

Ambiri a alendowa akhala m'mizinda yaikulu, m'mene munthu atha chaka chathunthu osaponda dothi, osaona nyenyezi chifukwa cha kuwala kwa magetsi. Ntchito yawo ndi ya pampando. Chifukwa chake pamene apatsidwa masiku opumula, alakalaka mphepo yabwino, malo a zii, ndi kutopa kwa thupi kumene ife tikupeza tsiku ndi tsiku kumunda. Ena akonda mbalame, ena maluwa a m'tchire, ena angofuna kuyesa mphamvu zawo.

Mwambo umenewu unayamba ku Ulaya. Phiri la Mont Blanc, lokhala pamalire a France ndi Italy, lalitali mamita oposa 4,800, linakweredwa koyamba m'chaka cha 1786 ndi anthu awiri a m'mudzi wa Chamonix: dokotala Michel Paccard, ndi Jacques Balmat, mlenje wodziwa njira za m'phirimo. Kuyambira pamenepo alendo anachuluka, ndipo anthu a m'mudzimo anayamba kuwalondolera njira polandira malipiro. M'chaka cha 1820 kunagwa tsoka: gulu lina linakakamira kukwera nyengo isali bwino, chipale chinagumuka, nichikwirira anamulondola atatu. Chaka chotsatira, cha 1821, ku Chamonix kunakhazikitsidwa bungwe la anamulondola, lokhala ndi malamulo ake: alandire alendo mosinthana, ndipo pakhale thumba lothandiza mabanja a anzawo ofera kuphiri. Bungwe limeneli likalipo kufikira lero.

Chimodzimodzi m'maiko ena. Pa 29 Meyi 1953, pamene phiri la Everest, loposa mapiri onse a pansi pano, linakweredwa koyamba, pansonga panafika anthu awiri: mlendo Edmund Hillary wa ku New Zealand, ndi Tenzing Norgay, mwana wa m'mapiri momwemo, ndipo katundu wa ulendowo ananyamula anthu oposa 300. Ku Tanzania, pa phiri la Kilimanjaro la mamita 5,895, malamulo salola mlendo kukwera popanda namulondola wovomerezeka. Paliponse nkhani ndi imodzi: mlendo abwera ndi khumbo ndi ndalama, mwini dziko abwera ndi maso ndi nzeru za malo.

MLENDO WAKALE PA MAPIRI A NTCHEU

Tisayese kuti zimenezi ndi za kutali kokha. Mndandanda wa mapiri umene uli kumadzulo kwa boma lathu, m'mene muli Dzonze ndi Mvai, pa mapu ulembedwa Kirk Range. Dzina limeneli anaupatsa ndi David Livingstone, pokumbukira mnzake John Kirk, dokotala wa ku Scotland wodziwa za zomera, amene anayenda naye pa Zambezi ndi pa Shire kuyambira 1858.

M'mwezi wa Ogasiti 1863 Livingstone anasiya sitima yake pa Shire, kumunsi kwa mathithi, poyembekeza kuti madzi adzale, nayamba ulendo wa pansi. Kirk sanali nawo, pakuti anali atabwerera chifukwa cha matenda. Livingstone anatsata mtsinje wa Rivirivi, nalowa m'chigwa cha Gowa, mapiri ali kudzanja lake lamanzere, mpaka anatulukira kunyanja, nafika ku Nkhotakota. Maina a Mvai ndi Gowa anawalemba m'buku lake. Nanga anawadziwa bwanji? Anawamva kwa eni dziko amene anali kumperekeza kuchokera mudzi wina kufikira wina.

M'mwezi wa Okutobala 1866 anabweranso, ali ndi Susi ndi Chuma, nafuna kukwera mapiri omwewa kuchokera kunyanja kuti apite cha ku Dedza ndi Dzalanyama. Anthu onyamula katundu anali atamthawa. Amene anampulumutsa ndi mfumu ina ya kunyanja, imene iye anailemba dzina lakuti Kimsusa: mfumuyo inabwera ndi akazi ake, ndipo amayiwo ndiwo anasenza mitolo kunka nayo kutsinde kwa mapiri. Mabuku a ku Ulaya atama mlendoyo, ndipo mapu asunga dzina la mnzake. Koma popanda amayi aja ndi operekeza aja, amene maina awo sanalembedwe, ulendo ukadathera m'chigwa. Akulu anati: mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mlendo anapita, mapiri anatsala ndi eni ake, ndipo akali ndi maina awo akale.

MAYENDEDWE A ULENDO WA KAGULU

Masiku ano phiri limene likoka alendo ambiri m'dziko muno ndi la Mulanje. Nsonga yake, Sapitwa, ili mamita 3,002 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo palibe malo ena otalika chotero m'Malawi. Alendo ena akwera Zomba, ena phiri la Dedza la mamita 2,198, ena ayenda m'madambo a Nyika. Koma ku Mulanje ndiko kuli dongosolo lokhwima, ndipo tikaona za kumeneko tidziwa za konse.

Mlendo amene wabwera yekha kaye afunafuna anzake. Ena alembetsa akali kwawo, kudzera pa intaneti, kwa anthu okonza maulendo. Ena akomana m'nyumba za alendo ku Blantyre kapena ku Mulanje komweko, napangana kuti ayendere limodzi. Motero mupeza kagulu ka anthu anayi, asanu kapena asanu ndi mmodzi, wina wa ku Germany, wina wa ku Japan, wina Mmalawi wa mumzinda, amene dzulo lake sanali kudziwana.

Chifukwa ninji kagulu kakang'ono? Zifukwa zilipo zitatu. Choyamba, malipiro a namulondola agawana, ndipo mtolo upepuka kwa aliyense. Chachiwiri, wina akathyoka mwendo, mmodzi atsala naye, ena nathamanga kukaitana anthu. Paja kuyenda awiri si mantha. Chachitatu, gulu likakula namulondola sangathe kuona onse: amphamvu atsogola, ofooka atsalira, ndipo nkhungu ikagwa pakati pawo wina atayika osadziwika. Namulondola wabwino afuna kuti potembenuka awerenge anthu ake onse ndi maso amodzi.

Ambiri ayambira pa Likhubula, pamene pali ofesi ya zankhalango. Pamenepo alembetsa maina, natchula njira imene adzayenda ndi tsiku lobwerera. Apatsidwa namulondola, amene kumeneko angomutcha gaidi, ndi anyamata onyamula katundu. Kulembetsaku si mwambo wachabe: tsiku lobwerera likapita anthu osaoneka, ofunafuna adziwa koyambira.

Anyamuka m'mamawa dzuwa lisanakwere. Njira ipita pafupi ndi mathithi a Dziwe la Nkhalamba, nikwera chikwerekwere maola ambiri. Namulondola ayenda patsogolo, koma liwiro aliyesa ndi munthu wofooka wa onse. Adziwa kasupe wa madzi abwino, adziwa mwala woterera, adziwa poyenera kupuma. Ayang'ana nkhope za alendo ake. Akaona wina watuwa milomo, kapena waleka kuyankhula, aimitsa ulendo nati: "Tipumeko pang'ono, amayi, mumwe madzi," osamchititsa manyazi pamaso pa anzake.

Pamwamba pali madambo aakulu a udzu, ndi nyumba zogonamo alendo, monga za ku Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani ndi Chisepo. Nyumba iliyonse ili ndi mlonda wake, amene asamala nkhuni ndi madzi. Zina mwa nyumbazi asamala mothandizana ndi bungwe la okwera mapiri, lotchedwa Mountain Club of Malawi, limene linayamba m'chaka cha 1952. Chakudya alendo abwera nacho okha: mpunga, ufa, nyemba, mtedza, tiyi ndi shuga. Madzulo onse akhala pamoto umodzi. Mlendo aphunzira kutema mbamu ya nsima, namulondola amva za maiko amene sanawaone. Paja mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Ofuna Sapitwa agona pa Chisepo, nalawira kukali mdima. Kuchokera pamenepo njira yeniyeni itha. Chotsala ndi kukwawa pa matanthwe, kupyola pansi pa miyala yaikulu ngati nyumba, ndi kudutsa m'zitsamba zowirira. Ulendo wonse, kukwera ndi kutsika, kawirikawiri utenga masiku atatu.

ZIMENE ZIPHA ANTHU PAPHIRI

Anthu ayesa kuti choopsa paphiri ndi chilombo kapena njoka. Ayi ndithu, choopsa ndi chisanu, nkhungu ndi madzi.

Za chisanu, dziwani kuti munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kutsika ndi madigiri ngati 6. Kuchokera pa Likhubula kufika pa Sapitwa akwera mamita oposa 2,000. Motero amene ananyamuka alikutuluka thukuta afika pamalo pozizira koposa Tsangano m'mwezi wa Juni. Usiku wa nyengo yachisanu madzi aundana. Zovala zikanyowa, mphepo nikuomba, thupi litaya kutentha kwake msanga. Munthu ayamba kunjenjemera, kenaka mawu ake amveka ngati a woledzera, nzeru zisokonezeka, afuna kungogona pansi. Ndipo akagona osafunda, sadzukanso. Mankhwala ake ndi kumvula zonyowa, kumfunditsa, kumteteza ku mphepo, ndi kumpatsa chakumwa chotentha cha shuga ngati akali kumeza bwino. Mowa ayi, pakuti unyenga munthu kuti wafunda pamene ulikutulutsa kutentha kwa m'thupi.

Za nkhungu, inu nonse muidziwa chiperoni. Dzina lake lichokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, mbali imene mphepo yonyowa ya ku nyanja ya Indian ichokera. Mphepoyo ikagunda phiri ikwera, nizizira, nisanduka nkhungu ndi mvula yamawawa, makamaka kuyambira Meyi kufikira Ogasiti. Ifika modzidzimutsa, ndipo ikhoza kukhala masiku angapo. M'katikati mwake munthu saona mnzake amene ali mapazi khumi patsogolo, ndipo phompho lioneka ngati njira.

Za madzi, phiri la mwala silimwa mvula. Mvula ikagwa pamwamba, kamtsinje kamene m'mawa munthu anakalumpha kasanduka mtsinje waukali pa ola limodzi. M'chaka cha 1949 Mzungu wina wachinyamata, woyang'anira nkhalango ya Mulanje, anafa powoloka mtsinje wodzala m'masiku a chiperoni, alikuperekeza mlendo Laurens van der Post, amene pambuyo pake analemba za imfayo m'buku lotchedwa Venture to the Interior.

M'chaka cha 2003 mtsikana wina wa ku Netherlands analowera ku Sapitwa yekha, ndipo sanabwerere. M'mwezi wa Julayi 2009 Gabriel Buchmann, mnyamata wa ku Brazil wa zaka 28, wophunzira za chuma, amene anali atayenda maiko ambiri, anakwera ndi namulondola. Koma atayandikira nsonga anamsiya, napitirira yekha. Nyengo inaipa. Anthu anamfunafuna pafupifupi masabata atatu, ndipo mtembo wake unapezeka m'mwezi wa Ogasiti. Chinamupha ndi chisanu. Mbiri yake anaipanga kanema m'chaka cha 2017.

Anthu a kufupi ndi phirilo alilemekeza kuyambira kale ngati malo a mizimu ya makolo, ndipo dzina lakuti Sapitwa alimasulira kuti kosapitidwa. Mlendo angakhulupirire zimenezo kapena ayi, chenjezo lokhala m'dzinalo ndi loona. Safunsa anadya phula.

MANGAWA A MLENDO NDI A NAMULONDOLA

Popeza moyo uli pangozi chotero, mbali zonse ziwiri zili ndi mangawa.

Mlendo amvere. Namulondola akayang'ana mitambo nati, "Bwana, lero tibwerere," mawu atha pomwepo, ngakhale nsonga ioneke pafupi. Phiri silithawa, lidzakhalapo chaka chamawa. Mlendo anene zoona za thupi lake asananyamuke, ngati ali ndi nthenda ya mtima, ya mphumu kapena ya shuga. Asachoke pagulu. Atenge chovala cha mvula, chofunda, tochi ndi mankhwala ake. Asatole maluwa, asataye mapepala ndi mabotolo, asajambule munthu osapempha.

Ndipo alipire mokwanira, naonetsetse kuti onyamula katundu ali ndi chakudya ndi chofunda. Pamenepa tikumbuke mbiri yowawa. Pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918 amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 anatengedwa kukhala amtengatenga, ambiri mokakamizidwa, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi njala, matenda ndi kulemera kwa mitolo. Wonyamula katundu wa lero si mtengatenga wa masiku aja. Ndi munthu waufulu wogulitsa mphamvu zake, ali ndi dzina, ali ndi banja lomyembekeza. Mtolo wake usapitirire muyeso. Ukalemera, alembe munthu wachiwiri.

Namulondola nayenso ali ndi zake. Asavomere njira imene saidziwa chifukwa cha njala ya ndalama. Asamwe mowa paulendo. Mtengo apangane poyera asananyamuke, ndipo asausinthe pakati pa phiri pamene mlendo alibe kothawira. Kutero ndi umbala, ndipo mbiri yake ifika kutali, pakuti alendo auzana. Koposa zonse alimbe mtima kunena kuti "ayi". Chiyeso chake chachikulu ndi ichi: mlendo akakamira, nalonjeza kuonjeza ndalama, ndipo mnyamata wosauka aopa kumkwiyitsa. Koma ulemu umene uperekeza munthu kuimfa si ulemu. Bwino mlendo atsike ali wokwiya koma wamoyo.

NANGA KWATHU KUNO?

Mwina wina ati: "Zonsezi ndi za ku Mulanje, ife a ku Ntcheu zitikhudza bwanji?" Zitikhudza ndithu. Alendo ambiri angodutsa boma lathu pa galimoto, alikuyang'ana mapiri athu pawindo. Komatu Dzonze, Mvai ndi Chirobwe ndi mapiri okoma, ndipo munthu woima pamwamba pa mapiri a kuno aona chigwa cha Bwanje ndi cha Livulezi kum'mawa, ndi zitunda za Angonia kumadzulo. Pafupi pomwepa, m'boma la Dedza, muli mapanga a Chongoni a zithunzi zakale zojambula pamiyala, malo 127, amene bungwe la UNESCO linawalemba pakati pa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Phiri la Mulanje linalembedwa m'kaundula yemweyo m'chaka cha 2025. Mlendo wochoka ku Chongoni kunka ku Mulanje pa msewu waukulu apita pakhomo pathu. Tsiku lina adzaima, nadzafunsa kuti: "Ndani angandiperekeze paphiri ilo?"

Mnyamata kapena mtsikana amene adzayankhe funso limenelo adziwe zinthu zitatu za kuno.

Choyamba ndi malire. Mapiri athu a kumadzulo ndiwo agawa Malawi ndi Mozambique, ndipo m'malo ena msewu weniweniwo ndiwo malire. Ife tiwoloka tsiku ndi tsiku kukagula chimanga kapena kukaona abale, koma mlendo wa kunja akaponda tsidya lija popanda chilolezo m'chiphaso chake, walakwira lamulo, ndipo akhoza kugwidwa. Womperekeza adziwe pamene dziko lathu lithera.

Chachiwiri ndi chilolezo. Dzonze ndi Mvai ndi nkhalango zotetezedwa ndi boma. Wofuna kulowamo ndi alendo ayambe waonana ndi a ofesi ya zankhalango. Ndipo asapite ndi mlendo pamudzi osalonjera a mfumu. Kuli malo a manda ndi malo a miyambo kumene mlendo sayenera kufika. Iye sangawadziwe, ndi udindo wa womperekeza kumlambalalitsa.

Chachitatu ndi mitengo. Palibe mlendo amene adzalipira ndalama kuti akaone zitsa ndi maenje a makala. Ku Mulanje mtengo wa mkungudza, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu m'chaka cha 1984, unadulidwa kufikira kuti pamene anauwerenga m'chaka cha 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Tsopano alikubzala ina, koma kukula kwake ndi kwa zaka zambiri. Kwathu kuno phunziro tinaliona ndi maso: damu la Mpira, limene madzi ake achokera m'nkhalango ya Mvai ndi kumwetsa midzi yambiri ya Ntcheu ndi Balaka, linaphwa m'chaka cha 2018, mipopi niuma, amayi nabwerera kuzitsime zakutali. Phiri lometedwa silisunga madzi. Nkhalango imene ingakoke mlendo ndi yomweyo imene itipatsa madzi akumwa. Tikaisunga, tapindula pawiri, ndipo mlendo akapanda kubwera, madziwo tidzamwa ndife.

MAWU KWA MABANJA

Tsono ngati kagulu ka alendo kadzapita pamudzi panu, kumbukirani izi:

1. Alandireni monga mulandira mlendo aliyense: moni, mpando kapena mphasa, ndi madzi. Koma madziwo akhale owiritsa, chifukwa mimba zawo sizinazolowere madzi a kuno.

2. Letsani ana kuwathamangira ndi kupempha ndalama. Mwana wozolowera kutambasula dzanja pamsewu aiwala njira ya kusukulu. Ngati muli ndi nthochi, mazira, mtedza kapena dengu loluka bwino, gulitsani pa mtengo woyenera. Malonda ali ndi ulemu, kupempha kulibe.

3. Mukaona mlendo alikulowera kuphiri yekha, makamaka dzuwa litapendeka kapena nkhungu ilikubwera, musangomyang'ana. Mchenjezeni, ngakhale ndi manja, ndipo dziwitsani a mfumu. Akapanda kutuluka, uzani apolisi msanga. Usiku umodzi wachisanu ukwanira kupha munthu.

4. Musatume mwana wamng'ono kuperekeza alendo. Ntchito imeneyi ifuna munthu wamkulu, wodziwa phiri nyengo zonse.

5. Inu anyamata ndi atsikana amene mukhumba ntchitoyi, limbikirani Chingerezi kusukulu, phunzirani chithandizo choyamba cha ovulala, ndipo khalani pansi ndi agogo anu. Afunseni maina a mitengo, a mbalame, a mitsinje ndi a zitunda, ndi mbiri ya dzina lililonse. Afunseni mtambo wa mvula ndi mtambo wongopita. Mlendo ali ndi mapu m'lamya yake, koma mapu sadziwa mwala woterera, ndipo lamya ikatha moto ikhala chete. Nzeru za agogo anu ndizo chuma chimene iye alibe.

6. Mukakhala angapo, gwirizanani monga anachitira a ku Chamonix: landirani alendo mosinthana, mtengo ukhale umodzi, ndipo muziika kangachepe pambali kothandizira mnzanu akavulala. Olimbirana mlendo pamsewu amthawitsa, natsala onse opanda kanthu.

Abale, mapiri sakomana, koma anthu akomana. Mlendo wa ku dziko lakutali amene akwera phiri pambuyo pa mwana wanu ali ndi amake amene alikuwerenga masiku kuti abwerere. Pamene mwana wanuyo anyamula ndodo m'mamawa, mumuuze mawu amene amayi a ku Likhubula angauze ana awo: "Anthu amene wakwera nawo, utsike nawo onse."